Mtanda wa Pamsana pa a Juwawo

Pa Mwanza pano palibe munthu amene anandidyerapo masuku pamutu. Kafunseni amayi a tomato, kafunseni a mbuzi, kafunseni ngakhale aja osintha ndalama kumalire. Ndinakulira pamsika, mayi anga akugulitsa manachesi m'mawindo a mabasi, ndipo ndisanadziwe kulemba dzina langa ndinali nditadziwa kale kuti mtengo woyamba ndi moni chabe. Ndiye tsiku limene mkazi wanga anati, "Abambo a Tadala, mowawu ukumalizani," ine ndinati, "Mayi, mowa ndi malonda ngati ena onse. Umapweteka anthu osadziwa kunenerera. Ine sungandithe."

Mukuseka. Sekani ndithu. Si paja nanunso mwakhala pa mabenchi awa chifukwa cha nzeru zonga zomwezo?

Dzina langa ndi Lufeyo, kwathu ndi kwa Kanduku, ntchito yanga ndi yojambula odwala. Mukamva zimenezo mumaganiza za ekisireyi ya mwendo wothyoka, kapena sikani ya amayi oyembekezera. Zimenezo timachita. Koma kuli chipinda china. M'menemo dokotala amalowetsa singano yaitali kapena kapaipi m'thupi la munthu ali maso, kuti atulutse mafinya, apope madzi m'chifuwa, kapena atapeko kanyama kokapima. Dokotala ali ndi manja, koma m'kati mwa munthu saonamo. Woona ndine. Ndimayendetsa makina, ndimapeza pamene pali vuto, ndimalemba kamtanda pakhungu ndi cholembera, n'kunena kuti, "Apa, pakati pa nthiti izi." Pamene ndaloza ndi pomwe singano imalowa. Pa chipatala chimene ndinkagwira mu Blantyre, dzina lake tisiye, ankanditcha a Maso. Ndipo ndisadzichepetse mwabodza, ndinali Maso weniweni. Madokotala ankakanganirana ine.

Malonda anga ndi mowa anayenda motere. Poyamba tinagwirizana Lachisanu lokha. Mowa unati Lachisanu ndi lalifupi, onjezerapo Loweruka. Ndinati chabwino, koma Lamulungu ndi la Mulungu. Lamulungu linapita ngati banyira. Ndinati wa m'mabotolo wokha, kachasu ayi. Kachasu anabwera atavala botolo. Ndinati m'mawa ayi. Matsire anati kakang'ono chabe, kongoimitsa manja. Ndipo nthawi zonse ndinkachoka pamalondapo ndikudziguguda pachifuwa kuti ndachita bwino. Wogulitsa wochenjera amatero, amakusiya uziyesa kuti wamudya ndiwe.

Fungo ndinkabisa ndi makoko a nachesi. Kutafuna khoko, kufinyira madzi ake m'manja ndi pakolala. Mwana wa Mwanza! Ndipo apa ndi pamene mtima wanga umawira mpaka lero. Mukuganiza kuti sankadziwa? Onse ankadziwa. Alonda pageti ankati, "A Maso, lero mwabwera ndi munda wonse," n'kumaseka. Mnzanga wina ankandiimira ntchito Lolemba likandikanika, kumati akundithandiza. Abwana ankati, "Bola ntchito ikuyenda." Anthu ophunzira, ovala zoyera, amene akanakhala kuti wadwala ndi mwana wawo sakanalola kuti ndimukhudze. Koma poti ndi mwana wa mwini: "Aa, a Maso ndi akatswiri, amaona ngakhale atatsinzina." Sindikuwasenzetsa mlandu wanga, ayi. Koma paja amati chifundo chinapha nkhwali. Chifundo chawocho chinatsala pang'ono kupha munthu wa kwa Nthache.

Linali Lolemba m'mawa. Anawalowetsa pa njinga ya odwala bambo ena owonda, manja akuda ndi makala, a Juwawo, atatumizidwa kuchokera kuno. Mbali imodzi ya chifuwa chawo inali itadzaza mafinya, ndipo ntchito yathu inali yowapopa. Atamva kalankhulidwe kanga anafunsa, "Adokotala, kumudzi n'kuti?"

"Kwa Kanduku."

Nkhope inawala. Anatembenukira kwa akazi awo amene anaima pakhomo. "Mayi, khalani pansi, musadandaule. Ndagwera m'manja mwa wakwathu."

Ine si dokotala, koma sindinakane. Ndi liti ndinakanapo banyira?

Tsopano mvetserani bwino, chifukwa cholakwa ichi inu simungachichite, ndi cha ife ojambula tokha. Chithunzi cha chifuwa chimakuyang'ana ngati munthu amene wakumana naye panjira: dzanja lake lamanja limakhala kumanzere kwako. Timaphunzira zimenezi sabata yoyamba kusukulu, ndipo pachithunzi chilichonse pamakhala kachilembo kokukumbutsa. Koma munthu wopopedwa m'chifuwa sakuyang'ana. Amakhala pampando atakumbatira pilo, atakupatsa msana. Pamenepo kumanja kwake ndi kumanja kwako. Mutu wabwino umatembenuza wokha, osaganiza n'komwe. Mutu wanga tsiku limenelo unali usanabwere kuchokera ku bala.

Ndinayang'ana chithunzi. Choyera cha mafinya chinali kudzanja langa lamanzere. Ndinazungulira kumsana kwa a Juwawo, ndinapitanso kudzanja langa lamanzere. Lamulo limati uike kachida ka sikani pakhungu, uwaone mafinyawo ndi maso ako usanalembe. Ndinakaika. Koma dzanja linkanjenjemera, chithunzi chikungovina, ndipo a Sisitala Nangozo, nesi wamkulu wa m'chipindamo, anali ataponya diso pa dzanja langalo. Ndinakachotsa msanga kuti asaone. Ndinalemba mtanda.

Adokotala anali mayi wachitsikana, atangoyamba kumene ntchito. Anati, "A Maso, mwatsimikiza? Ndionepo kaye nanenso."

Ndinati, "Adokotala, pamene ine ndimayamba kulemba mitanda imeneyi, inu munali mukuimba a, e, i, o, u. Bayani."

Anaseka mwamanyazi. Anabaya.

Mafinya sanatuluke. Analowetsa pang'ono, sanatulukebe. A Juwawo anatsokomola kamodzi. Abale, mapapo ndi awiri. Limodzi linali litamira kale m'mafinya. Limene linkawasunga ndi moyo ndi limene tinaboola. Anayasama ngati nkhuku padzuwa, milomo inayamba kuda, maso akundifunafuna ine, wakwawo. A Sisitala anatsomphola fayilo n'kuwerenga mokuwa, "Kumanja! Palembedwa kumanja apa!" Anthu anathamanga, mpweya wa m'botolo, mapaipi mbali zonse ziwiri. Ine ndinaima pakona ndi cholembera m'manja, ndikufunafuna chitsekerero chake ngati ndiyo ntchito yofunika. A Sisitala podutsa sanakweze mawu. Anangoti, "Muno mukumveka fungo la nachesi, koma nachesi sindikuiona. Tulukani."

A Juwawo anapulumuka. Ndinene msanga kuti mupume. Anagona m'wodi masabata ambiri, koma anatuluka akuyenda.

Mukuganiza kuti ndinagwa pansi n'kulira? Ine? Ndinapita kukomiti ngati ndikupita kukagula mbuzi. Ndinati mlanduwu ndi wa anthu anayi. Adokotala anabaya osagogoda chifuwa, theka ndi lawo. Anesi sanawerenge fayilo tisanayambe, atengeko gawo. Makina ndi akale, nawonso asenzeko. Ine mundisiyire kanyenyeswa. Ndinalankhula mpaka mayi wachitsikana uja, amene anandifunsa kuti mwatsimikiza, analira pamaso pa anthu. Wapampando anavula magalasi n'kunena kuti, "A Lufeyo, pano si pamsika." Ntchito inatha. Chiphaso changa chogwirira ntchito anachiimitsa. Mkazi wanga anatenga Tadala n'kupita kwawo.

Ndinabwerera kuno. Amene munandiona masiku amenewo ndinkakuuzani kuti ndili patchuthi chachitali. Ndinkagona m'kachipinda ka mlongo wanga kosungiramo chimanga. Masana ndinkaima pakati pa ogula ndi ogulitsa mbuzi, phindu lake likutsikira kukhosi dzuwa lisanapendeke. Chovala changa choyera ndinachigulitsa kwa wogulitsa nyama, ndipo ndisaname, ndinanenerera bwino. Amavalabe mpaka lero, dzina langa lili pathumba. Ndipo aliyense amene ankandigulira kapu ankamva nkhani yomweyo: anandichitira nsanje, anandipereka nsembe kuti apulumutse dokotala.

Chaka chinatha choncho. Tsiku lina masana, nthawi ya dzuwa lija loswa mtengo, ndinkatsika msewu wa fumbi wopita kwa Nthache kukaona mbuzi. Pakati pa chitunda ndinapeza munthu ataima, atatsamira njinga ya makala, mutu uli pansi. Pa njingapo panali thumba limodzi lokha. Owotcha makala mumawadziwa, amamanga atatu. Anadzutsa mutu.

"Adokotala! Adokotala athu!"

Ndinalakalaka tchire litandimeza. Anavula chipewa, anagwira dzanja langa ndi manja awiri. Mawu ankatuluka atatu atatu, kenako kupuma, kenako ena atatu.

"Munandipulumutsa inu. Ndimawauza kumudzi. Ndimati zinavuta, koma wakwathu analipo."

Palibe amene anawauza. Mwamva? Komiti inakhala, mapepala analembedwa, ine ndinachotsedwa, koma mwini chifuwa anangouzidwa kuti zinavuta pang'ono, apite azikamwa mankhwala. Chifukwa ndi wa makala. Akanakhala wa galimoto akanamuitanira mu ofesi n'kumupatsa mpando.

Ndinafunsa, "Bambo, tsiku lija, pamene ndinkalemba pamsana panu, munamva mbali imene ndinalemba?"

"Ndinamva. Kumanzere."

"Nanga kunkapweteka kuti?"

"Kumanja."

"Ndiye bwanji simunanene?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chake mbuzi ilibe mapiko. "Ine ndinene chiyani? Inu muli ndi makina oona m'kati. Ine ndinangoti kapena matendawo asamuka. Komanso munthu wakwanu, wavala zoyera, ungamudule mawu pamaso pa anzake? Si ulemu umenewo."

Ulemu! Munthu anamva imfa ikulembedwa pamsana pake n'kukhala chete kuti ine ndisachite manyazi. Ine ndinachotsa makina msanga kuti ndisachite manyazi. M'chipinda muja tinali anthu awiri oteteza munthu mmodzi, ndipo munthuyo sanali wodwalayo.

Malonda anali atatheka kale pamenepo. Zikomo anali atanena, chipewa anali atavula. Ndikanangolandira n'kumapita kukaona mbuzi zanga, palibe akanadziwa. Pakamwa panga panali patakonzeka kale kunena kuti, "Aa, ndi ntchito yathu, bambo." Kanali koyamba m'moyo mwanga kupatsidwa chinthu chaulere n'kulephera kuchinyamula.

Ndinati, "Bambo, matenda sanasamuke. Ndinalemba mbali yolakwika. Ndinali ndi mowa m'mutu. Ndipo ine si dokotala."

Anasiya dzanja langa pang'onopang'ono. Anavala chipewa. Anayang'ana thumba lawo limodzi lija, anayang'ana chitunda chimene chinatsala.

"Ndinkakwera pano ndi matumba atatu ndikuimba," anatero. "Dimba ndamupatsa mlamu wanga, khasu silindilolanso." Anapuma. "Dzina lako ndani?"

Lako. Osati lanu. Zaka zonse zimene ndinavala zoyera, agogo a imvi ankandigwadira ndi inu, inu, inu. Liwu limodzi limenelo linandivula kuposa komiti yonse.

"Lufeyo."

"Iwe Lufeyo, gwira njingayi. Kankha."

Ndinakankha. Thumba limodzi, abale, limodzi lokha, koma ndisanafike pamwamba ndinali nditasanza kawiri. Iwo ankabwera pambuyo, kuima, kupuma, kuyenda. Kupuma kwawo ndinkakumva kumsana kwanga ngati macheka. Malo ena anakuwa, "Pita kumanja, pali dzenje. Kumanja, iwe! Kapena sukukudziwabe?"

Tinafika pamsika anthu akuona. A Maso, a tchuthi chachitali, akukankha makala, bambo wodwala akuwalalatira pambuyo. Anatenga njinga yawo osanena zikomo. Anati, "Sindinakukhululukire. Ukapita kutchalitchi kwanu usakaname kuti ndakukhululukira." Ndiye ndakuuzani monga anandituma.

Za kubwerera kwanga zilibe zozizwitsa, ndipo amene mwabwera kudzamva kuti ndinaona kuwala mundikhululukire. M'mawa mwake ndinapita kuchipatala ngati wodwala, ndinaima pamzere, ndinauza wachipatala wocheperapo kwa ine kuchuluka kwenikweni kwa zimene ndinkamwa, osachotserapo. Inu amene mwafika pomanjenjemera m'mawa, musasiye nokha m'nyumba mutadzitsekera. Thupi lozolowera limatha kukugwetsani ngati khunyu. Pitani akakuthandizeni. Masiku oyambawo ndinaona nyerere zimene panalibe.

Mbuzi ndinazisiya, chifukwa malonda a mbuzi amatsekedwa ndi kapu. Ndinayamba kuthandiza mlongo wanga kuwokala kwake, ndalama zonse zikugwiridwa ndi iye, ine m'thumba muli mpango wokha. Njira ya kuseri kwa depoti sindidutsa dzuwa likapendeka. Ndimazungulira, ngakhale mvula ikugwa. Anzanga akale amati, "Limodzi lokha, a Maso, la fanta ndi kadontho." Ndimati ayi, ndipo sindifotokoza chifukwa. Ichi ndicho ndabwera kudzakuuzani inu anzanga ochenjera: mowa suopa munthu wodziwa kuyankha. Ukangoyamba kufotokoza, wakhala kale pansi, malonda ayamba. Pali katundu amene njira yomugonjetsera ndi kusafunsa mtengo wake.

Kenako ndinalemba makalata awiri. Ina kwa mayi dokotala uja, mizere inayi, yopanda "koma" ngakhale mmodzi. Anayankha patapita miyezi, mwachidule, kuti analandira. Ina ku bungwe limene limatipatsa ziphaso, kunena kuti mlandu uja si wa anthu anayi, ndi wanga. Ena amati kupuma kwa a Juwawo mwina n'chifukwa cha matenda awo, osati singano ija. Madokotala akuti sangathe kugawa. Ine, katswiri wogawa milandu, pamenepo sindigawa. A bungwe aja anandiitana, anandipima, anandiika pansi pa munthu amene kale ndinkamuphunzitsa ine, kuti aziona chithunzi chilichonse ndisanachipereke. Zinandipweteka. Zinayenera.

Pano ndikugwira pa chipatala china chaching'ono m'dera lathu lomwe lino. Tsiku loyamba ndinauza anesi, alonda, ngakhale amayi okolopa, kuti, "Mukadzamva fungo lililonse pa ine, la mowa kapena la chipatso, musadzandiseke. Mudzapite kwa abwana." Ndipo ndili ndi lamulo langa limene silili m'buku. Ndisanalembe mtanda, wodwala aloze yekha ndi dzanja lake pamene pakupweteka, anene mokweza, nesi awerenge fayilo mokweza, kenako makina avomereze. Ambiri amakana. "Mukudziwa ndinu, adokotala." Ndimati, "Ine si dokotala, ndipo thupi ndi lanu. Lozani." Nanunso mukapita kuchipatala, kapena mukaperekeza mayi anu, mukaona akupaka mankhwala mwendo umene sukupweteka, kuwani. Ulemu mukausiye pageti, mukautenga potuluka.

Mwezi wathawu anabwera mayi ena, m'mimba mbali ya chiwindi mutasonkhana mafinya, ofunika kupopa. Amene anawaperekeza anali a Juwawo. Mayiwo anali akazi awo, omwe aja anaima pakhomo. A Juwawo atandiona anaima chilili.

"Palibe wina?"

Anesi anati, "Wojambula ndi yemweyu, bambo. Mukafuna wina ndi ku Blantyre, ndipo mayiwa ulendo sangaupirire."

Anandiyandikira mpaka mphuno yawo inatsala pang'ono kugunda yanga. Ananunkhiza, pamaso pa anthu, osabisa. "Tambasula manja." Ndinatambasula. Anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Ndilowa nawo."

Malamulo salola, koma adokotala atamva nkhaniyo kuchokera pakamwa panga anawapatsa pokhala pakona. Ndinati, "Mayi, lozani pamene pakupweteka." Mayiwo anayang'ana pansi. "Mukudziwa ndinu, achimwene."

"Loza!" anakuwa a Juwawo kuchokera pakona. "Ameneyu osamuchitira ulemu. Loza, unene!"

Analoza. Ananena. Anesi anawerenga. Ndinaika makina, ndinatembenuza galasi kuti a Juwawo aone okha chinthu chakuda chija, ndinawaonetsa ndi chala. Ndinalemba mtanda. Singano inalowa, mafinya anadzaza mbale. Patatha sabata mayiwo anatuluka akudya chinangwa. A Juwawo sananditsanzike. Ndinawaona pawindo akupita kugeti, mayi amene anadwala ali patsogolo, iwo pambuyo, ataima kawiri kuti apume pamtunda umene mwana amauthamanga.

Ndiye tiwerengere limodzi, inu akatswiri anzanga. Ine chiphaso chabwerera, manja aima, mkazi wanga akuti akuonabe kaye. Mowa wataya kasitomala mmodzi, koma ndamva kuti pampando wanga paja pakhala kale wina, ndipo akuti nayenso ndi wodziwa kunenerera. A Juwawo, amene sanalawe ngakhale dontho la zimene ndinamwa, thumba likadali limodzi. Tandiuzani, pamalonda amenewa anapambana ndani?